Amayi odzipereka, musanagule sopo wogawa yambani mwagula kope

Gulu la amayi odzipereka likangobadwa, nkhani yoyamba pa msonkhano imakhala ya zogawa. Tisonkhe zingati, tigule sopo ndi mabulangete angati, tipite nazo ku wodi ya ana kapena kwa okalamba, tivale yunifomu yanji tsikulo, atijambule ndani. Palibe choipa pamenepa, ndipo gogo amene walandira bulangete kukuzizira simungamuuze kuti ndi lachabe. Chomwe ndikutsutsana nacho ndi chizolowezi choyesa mphamvu ya gulu ndi kukula kwa dengu lomwe lasenza. Pa nkhani yogawa zinthu, amayi 20 osonkha za m'thumba mwawo sangapikisane ndi kampani kapena bungwe lalikulu. Pomwe palibe angawapose ndi pena: amalowa m'nyumba zomwe wa ku ofesi salowamo, amauzidwa zomwe sizinenedwa pagulu, ndipo mtsikana akasiya sukulu amadziwa sabata yomweyo. Gulu loona zonsezi koma osazilemba likutaya chuma chenicheni chomwe lili nacho.

Sopo amatha, chomwe chinasowetsa banjalo sopo n'kutsala pomwepo. Izi aliyense amazidziwa. Chomwe sitikonda kuvomereza n'choti ntchito zachifundo zimathanso kubisa vuto. Tiyerekeze kuti pa chipatala china mpope wafa, amayi a gulu agawana masiku otunga madzi ndi kukolopa wodi ya amayi oyembekezera. Odwala ayamika, anamwino apumako, ndipo lipoti lopita kwa akuluakulu silitchulanso za mpope poti madzi akupezeka. Chaka chitha mpope uli chifere, amayi atopa, awiri asiya, koma ofesi yomwe inali ndi udindo wokonza sinamve kupweteka ngakhale tsiku limodzi. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linawerengera mu 2018 kuti pa dziko lonse amayi ndiwo amagwira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ntchito yosamalira ena yopanda malipiro. Gulu losafunsa kuti mpopewo akonza ndani likungowonjezera katundu kwa anthu olemedwa kale. Madziwo atungidwe ndithu, wodwala sangadikire kalata. Koma tsiku lililonse lomwe atungidwa lilowe m'kope: deti, ndowa zingati, amayi angati, maola angati.

Umboni woti magulu a amayi amapulumutsa miyoyo ulipo, ndipo sunachokere ku magulu ogawa zinthu. Ku Makwanpur m'dziko la Nepal, ofufuza anayerekeza madera omwe anali ndi magulu a amayi okumana mwezi ndi mwezi ndi madera omwe analibe. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2004 zinaonetsa kuti imfa za makanda osakwana mwezi zinachepa ndi 30 peresenti kumene kunali maguluwo. Kafukufuku wotere anachitikanso ku Jharkhand ndi Orissa ku India, ku Bangladesh, komanso ku Mchinji m'Malawi, ndipo mu 2014 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti njirayi izigwiritsidwa ntchito, makamaka kumidzi kumene chithandizo cha chipatala chili patali.

Maguluwa sankalandira katundu woti agawe. Wotsogolera zokambirana ankakhala mayi wa dera lomwelo, wodziwa kuwerenga, wophunzitsidwa kufunsa mafunso m'malo molalikira. Miyezi yoyamba inkathera pa kutchula mavuto a uchembere ndi makanda mothandizidwa ndi makadi a zithunzi, kenako kuvota kuti lalikulu ndi liti. Akatero ankafufuza gwero lake, n'kupangana zochita zomwe angathe okha, monga thumba la ndalama zothamangira kuchipatala, machira kapena njinga yonyamulira wodwala. Zomwe apanganazo ankazifotokoza pamaso pa mudzi wonse, abambo ndi atsogoleri ali pomwepo, ndipo pomaliza ankabwerera kukaona ngati zinagwira. Zikumveka zochedwa, ndipo n'zochedwadi. Mkombero umodzi umadya misonkhano yambirimbiri, chaka kapena kuposa.

Pali mfundo ina m'kafukufukuyu yomwe atsogoleri a magulu ayenera kuigwira ndi manja awiri. Pamene zotsatira za kafukufuku yense zinaphatikizidwa mu 2013, phindu lalikulu linaoneka kumene amayi oyembekezera osachepera 30 mwa 100 alionse ankafika ku misonkhano. Kumeneko imfa za makanda zinatsika ndi gawo limodzi mwa atatu, za amayi pafupifupi ndi theka. Ku Bangladesh, poyamba panali gulu limodzi pa anthu pafupifupi 1,400 ndipo sipanaoneke kusintha kwenikweni. Atachulukitsa magulu kufika limodzi pa anthu pafupifupi 300, imfa za makanda zinatsika. Ndiye kuti funso loti m'gululi muli ndani likuposa loti gululi lili ndi ndalama zingati. Amayi opeza bwino amene amapita kudera lina kamodzi pa miyezi itatu kukathandiza ndi alendo, ngakhale mtima wawo ukhale wabwino chotani. Ngati mukufuna kuchepetsa maukwati a ana koma pa msonkhano palibe mtsikana kapena mayi wa mtsikana amene ali pa chiopsezo, mukukambirana za anthu omwe kulibe.

Kagawidwe ka ntchito kali ndi masamu ake. Njira yomwe bungwe lothandiza anthu la World Relief linayambitsa m'chigawo cha Gaza ku Mozambique mu 1995 ndi yosavuta kuitsatira: gulu la amayi 10 mpaka 15, aliyense ali ndi nyumba 10 mpaka 15 zoyandikana naye, ndipo amasankhidwa ndi eni nyumbazo. Amayi 12 a nyumba 12 aliyense afikira mabanja 144. Akamayendera nyumba iliyonse kawiri pa mwezi, theka la ola pa ulendo, ndi maola 12 pa mwezi osawerengera misonkhano. Malire ake ndi omwewo. Mukampatsa mayi mmodzi nyumba 40, ayenda mwezi woyamba, wachiwiri azingofunsira pa msewu, wachitatu azilemba za m'mutu. Chifukwa chake si ulesi ayi, nthawi ndi imene sikwana.

Kope lomwe ndikunenali likhale lachikuto cholimba, masamba ake alembedwe manambala tsiku loyamba kuti pasadzang'ambidwe tsamba osadziwika, ndipo muzilembamo ndi inki. Mizere yake ikhale isanu ndi umodzi: deti, nambala ya nyumba, chomwe chapezeka, chomwe gulu lachita, komwe munthuyo watumizidwa, ndi zomwe zinachitika kumeneko. Mzere womalizawu ndi umene umasiyidwa wopanda kanthu m'makope ambiri, chonsecho ndi umene uli ndi mano. Kulemba kuti tinatumiza mayi kuchipatala n'kudziyamikira chabe. Kulemba kuti anafika, anapeza mankhwala kulibe, anabwerera, ndipo zimenezi zachitika kasanu mwezi uno, ndiwo umboni woti mkulu wa zaumoyo sangauzembe.

Musalondole zinthu zoposa zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, ndipo mugwirizane tanthauzo la chilichonse musanayambe kuwerenga. Mwana wosiya sukulu ndi uti, amene wajomba masiku atatu kapena masabata anayi otsatizana? Aliyense akamawerenga mwa iye yekha, manambala a gulu sagwirizana, ndipo wa ku ofesi akangopeza kulakwitsa kumodzi amataya pepala lonse. Chinanso, nambala isamayende yokha. Kunena kuti ana 9 sanabayitse katemera sikuuza munthu kanthu. Kunena kuti ana 9 mwa ana 61 osakwana zaka ziwiri, ndipo 7 mwa iwo amakhala tsidya la mtsinje, kwaonetsa kukula kwa vuto ndi komwe lagona.

Ena ati kulemba za m'nyumba za anthu n'kuika anthu pangozi. Akunena zoona, ndipo apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera. Mayina asalowe m'kope lomwe limapita ku misonkhano. Mndandanda wosonyeza kuti nyumba nambala 37 ndi ya yani ukhale m'buku lina, lokiyidwa, lodziwika kwa anthu awiri okha. Nkhani ya matenda a munthu, mimba ya mwana wa sukulu kapena nkhanza za m'banja isaponyedwe pa gulu la WhatsApp, chifukwa foni zimabwerekedwa ndipo uthenga umatumizidwa kwina m'kamphindi. Zithunzi nazo: mwana wamasiye atanyamula thumba la mphatso pa Facebook amasangalatsa opereka, koma chithunzicho chidzamutsata mpaka atakula. Gulu likangoulula chinsinsi chimodzi, makomo 144 aja amatsekeka, ndipo kuwatsegulanso kumatenga zaka.

Nkhani ya nkhanza ndiyo yofunika kuikhalira pansi, chifukwa gulu lililonse la amayi, ngakhale lija linayambira kubzala mitengo kapena kusesa msika, tsiku lina lidzamva kugogoda usiku. Apa mtima wabwino wopanda chidziwitso umavulaza. Munthu wogwiriridwa ali ndi maola 72 oti ayambe kumwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku ndi tsiku. Choncho chipatala ndicho choyamba. Zodikira kuti wapampando abwere kapena achibale akumane kaye zimadya maola omwe sabwereranso. Ngati akufuna kukadandaula ku polisi, ndi bwino asasambe kapena kuchapa zovala asanapimidwe, ndipo zovalazo zikulungidwe m'pepala, chifukwa pulasitiki imasunga chinyezi n'kuwononga umboni. Koma ngakhale atasamba kale, apitebe.

Wachikulire amasankha yekha ngati akanene ku polisi kapena ayi. Ntchito yanu ndi kumvetsera, kumukhulupirira, kumufunsa ngati ali wotetezeka kubwerera kunyumba, ndi kumuuza komwe angapeze thandizo. Ya mwana ndi ina: imeneyo ipite kwa apolisi kapena a zachitetezo cha ana, ndipo si nkhani yokambirana kuti wolakwa alipire kenakake zithe. Cholakwika china chofala ndi gulu lonse kukhamukira kwa mwamuna wankhanza kukamudzudzula. Amayi amabwerako mitima itatsika, koma usiku womwewo mkaziyo amatsala yekha ndi munthu amene wachititsidwa manyazi. Odziwa ntchitoyi amachenjeza kuti nthawi yomwe mkazi akukonzekera kuchoka, kapena wangochoka kumene, ndi imene ngozi imakula. Zomwe gulu lingakonzeretu ndi ziwiri: pepala la manambala a foni ndi maola ogwira ntchito a chipatala, polisi ndi ofesi yosamalira anthu, loyesedwa miyezi itatu iliyonse poimba manambalawo, ndi kandalama ka mayendedwe komwe kangatuluke usiku popanda msonkhano.

Kope likadzaza miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, nthawi yopita nalo kwa adindo yakwana. Apa magulu amalakwitsa posenza madandaulo 15 nthawi imodzi: msewu, madzi, mankhwala, aphunzitsi, njala. Wa mu ofesi amamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti tamva ndipo tiziona, ndipo sananame chifukwa palibe chomwe walonjeza. Tengani pempho limodzi, loti munthu angayankhe kuti inde kapena ayi. Kupempha kuti zaumoyo ziyende bwino n'kupempha mphepo. Kupempha kuti katemera azifika tsidya la mtsinje kamodzi pa mwezi kuyambira mwezi wakutiwakuti, ndi pempho lomwe lili ndi mwini wake ndi tsiku lake.

Fufuzani kaye amene ali ndi mphamvu pa nkhaniyo. Namwino sagula mankhwala, mphunzitsi wamkulu salemba aphunzitsi ntchito, ndipo kuwakalipira n'kudzipangira adani mwa anthu omwe akanakuuzani komwe mafomu anatsakamira. Fufuzaninso mwezi womwe khonsolo kapena boma limakonza bajeti. Pempho lofuna ndalama likafika bajeti itavomerezedwa kale, lidikira chaka chathunthu ngakhale aliyense atagwirizana nalo. Kalata ikhale tsamba limodzi: vuto, manambala a m'kope, pempho, ndi tsiku lomwe mudzabwere kudzamva yankho. Pangani makalata awiri, ina isiyidwe, ina idindidwe chidindo cha ofesiyo ndi deti n'kubwerera nayo. Pitani atatu, wolankhula, mayi amene vutoli lamukhudza ndipo wavomera yekha kulankhula, ndi wolemba zomwe zayankhidwa. Pakatha masiku 30 bwererani ndi kalata yodindidwa ija. Zikakanika kawiri kwerani ku ofesi yapamwamba, ndipo wailesi ndi nyuzipepala zikhale zomalizira. Mukayambira ku wailesi, munthu amene mwamuyalutsa amathera mphamvu zake podziteteza m'malo mokonza vutolo.

Kumene vuto ndi kusamvana pakati pa anthu ndi ogwira ntchito pa chipatala kapena sukulu, pali njira yopatsana malikisi yomwe bungwe lothandiza anthu la CARE linayambitsa ku Malawi mu 2002 ndipo inafalikira m'mayiko ambiri. Anthu a m'dera amasankha zinthu zoyesa, monga nthawi yotsegulira, kalankhulidwe ka ogwira ntchito ndi kupezeka kwa mankhwala, n'kupereka malikisi pa chilichonse pamodzi ndi chifukwa chake. Amayi, abambo ndi achinyamata amachita zimenezi padera kuti wina asaphimbe mnzake. Ogwira ntchito nawo amadzipatsa malikisi paokha. Kenako mbali zonse zimakumana, akuluakulu oyang'anira ali pomwepo, n'kulemba zoti zichitike, wochita ndi tsiku lake, ndipo pakapita miyezi ingapo amabwerezanso. Njirayi imafa msonkhano ukasanduka bwalo la milandu lotchulana mayina, kapena kukapanda kubwera munthu amene angasainire galimoto kapena ndalama.

Ndikudziwa yankho lomwe limabwera apa: ife si andale, tinabwera kudzathandiza. Koma kufunsa kuti ndalama za mpope zinapita kuti si kuimira chipani. Mayi Wangari Maathai anayambitsa gulu la Green Belt Movement ku Kenya mu 1977 ndi ntchito yofatsa kwambiri, amayi kubzala mitengo. Pofika 1989 anali akulimbana ndi boma kuti lisamange chinyumba chachitali mu Uhuru Park ku Nairobi, chifukwa wobzala mitengo sachedwa kufunsa kuti malowo akugawa ndani. Kufunsa kotere kuli ndi zowawa zake, ndipo walira mvula walira matope. Gulu likayamba kufunsa, makalata oliitanira ku zikondwerero amachepa, ena amalitcha lamwano, ndipo mamembala omwe amuna awo amagwira ntchito m'maofesi omwewo amayamba kujomba. Zimenezi zikambidwe poyera gulu lisanatumize kalata yoyamba, kuti amene sangathe kuonekera apatsidwe ntchito ina popanda kunyozedwa.

Andale enieniwo amafika okha chisankho chikayandikira, atanyamula mphatso. Lamulo likhale lolembedwa chisanafike chaka chimenecho: mphatso iliyonse ilandiridwe pa msonkhano, ilembedwe m'buku, ndipo pa zochitika za gulu pasavalidwe makaka a chipani. Wapampando amene akufuna kupikisana nawo atule udindo kaye. Ngati mukuitana opikisana, itanani onse, muwafunse mafunso ofanana ochokera m'kope, mulembe mayankho. Gulu lodziwika kuti ndi la phungu wakutiwakuti limafa tsiku lomwe iye waluza, ndipo ngakhale apambane silingamufunsenso kanthu.

Za ndalama sinditayapo nthawi, poti njira yake inapezeka kale. Magulu osunga ndi kubwereketsa omwe CARE inayambitsa ku Niger mu 1991 amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo limatsegulidwa pamaso pa onse. Tengerani zomwezo. Ndalama zothandizira anthu zisasakanizidwe ndi zobwereketsana, zotsala zilengezedwe mokweza pa msonkhano uliwonse, chogula chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo osainira ku banki asakhale pachibale. Maudindo akhale ndi malire a zaka, chifukwa woyambitsa gulu akakhala wapampando, msungichuma ndi wosunga kope nthawi imodzi, tsiku lomwe wadwala kapena wakwiya gulu lonse limaima.

Chotsala ndi nkhani yomwe mabungwe akuluakulu sakonda kuimva. Akapeza gulu la amayi loyenda bwino, aliyense amafuna kulikweza katundu wake: uyu kalembera wa ana, uyo kugawa maneti, winayo mafomu a mwezi ndi mwezi, malipiro ake tisheti ndi alawansi ya tsiku la maphunziro. Alawansiyo imabweretsa mavuto akeake, chifukwa mpikisano wopita ku maphunziro umagawa gulu, ndipo polojekiti ikatha ena safikanso pa msonkhano wopanda envelopu. Gulu likhale ndi ufulu wokana, ndipo bungwe lililonse lofuna kugwira nalo ntchito lilembe papepala maola omwe likufuna, zomwe lidzabweze pa mayendedwe ndi mayunitsi, ndi tsiku lomwe ntchitoyo idzathe. Mu 2018 WHO inalangiza mayiko kuti ogwira ntchito zaumoyo m'midzi azilipidwa molingana ndi ntchito, maola ndi maphunziro awo. Choncho patsamba lomaliza la kope, mayi aliyense azilemba maola omwe wagwira sabata imeneyo. Akapitirira maola ochepa omwe munapangana, n'kufika 15 kapena 20 pa sabata kwa miyezi yotsatizana, imeneyo yasanduka ntchito yolembedwa yomwe wina sakulipira, ndipo kalata yotsatira ya tsamba limodzi ikhale yopempha kuti paikidwe munthu wa malipiro.